Mmene ndinakokera mpopi pakhomo panga ku Mtandire

Ndimagwira ntchito yochapa m'nyumba ina ku Area 47 mumzinda wa Lilongwe, koma ndimakhala ku Mtandire, kungowoloka mtsinje wa Lingadzi. Kwa abwana kapinga amamwa madzi m'mawa ndi madzulo. Kwathu ana ankakaima pamzere ku kiyosiki ndi zigubu ziwiri, ndipo akapeza atatseka, ndiye kuti kusamba mawa. Tsiku lina ndinaona bilu ya madzi ya abwana pa tebulo la kukhitchini. Nditawerengera, ndinapeza kuti ndowa imodzi ya malita 20 ndinkailipira ndalama zambiri ine kuposa iwowo. Mpamene ndinati ndikoke mpopi wanga.

Ku ofesi ya madzi anandipatsa fomu, nafuna chiphaso cha unzika ndi umboni woti malowo ndi anga. Chiphaso ndinali nacho. Umboni wa malo ndiye unali mutu, chifukwa kuno ambiri tilibe mapepala a boma a puloti. Tinagula pamaso pa amfumu ndi mboni, basi. Anati kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo ikwanira. Kwa amfumu sapitako chimanjamanja, zimenezo mukudziwa kale. Ndinapitako katatu, ulendo woyamba anali kumaliro.

Kenako kunabwera bambo wina kudzayeza mtunda kuchokera pa paipi yaikulu. Apa mpamene kusiyana kumaonekera bwino. Ku Area 47 paipi imadutsa pageti penipeni. Kwathu ili kumsewu waukulu, ndipo nyumba yanga ndi yachisanu ndi chimodzi kulowa mkati, njira yake yokhotakhota pakati pa zimbudzi ndi mipanda yaudzu. Mtunda ukatalika, mapaipi amachuluka, ndipo wolipira ndiwe. Koteshoni itatuluka ndinangokhala pansi pakhonde la ofesiyo kaye.

Ndalama ndinakongola ku banki m'khonde, ndi chiwongoladzanja chake. Ngalande anakumba mlamu wanga ndi anyamata awiri. Koma musanagwire khasu, yendani kaye kwa anansi onse omwe paipi idutse pamalo pawo. Mayi wina anakaniratu. Ndinapita madzulo ndi shuga, nkuti, "Amayi, ndithandizeni, paipiyi sidya malo." Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkuti, "Nanga ine ndizingomva madzi akudutsa pansi pa khonde langa?" Tinapangana kuti azitunga ndowa ziwiri patsiku ulere.

Zotsala zinali kudikira. Ndinapita kukafunsa kanayi, ndipo tsiku lililonse lomwe ndajomba ku ntchito adona ankadula pamalipiro. Sungani risiti iliyonse m'pepala lapulasitiki, chifukwa tsiku lina fayilo yanga inasowa ndipo inandipulumutsa ndi risiti. Mita anadzaika patatha miyezi itatu.

Madzi amabwera, koma kawirikawiri usiku, cha m'ma 2 koloko, masana mpopi umangopuma mpweya. Ndimadzuka kudzaza mgolo.

Anzanga a lendi sangayambe nkomwe ulendowu, chifukwa fomu imafuna mwini puloti, ndipo alandilodi akakoka madzi lendi imakwera mwezi womwewo. Ndiye amabwera kwa ine mbandakucha ndi ndowa zawo. Ndimawagulitsa pamtengo wa ku kiyosiki, womwe uja ndinkadandaula nawo. Ngongole ya ku banki m'khonde yatsala miyezi inayi.