Graundi si dzenje

Miyezi itatu ndakhala ndikulimbana ndi kamakina kanga ka CNC, kosema matabwa motsatira malangizo a kompyuta, ndipo Loweruka lapitali ndi pomwe ndinagona tulo tofa nato. Za kulowetsa pulogalamu ya GRBL mu Arduino Uno, kabolodi koyendetsa makinawa, za baud ya 115200, za driver ya CH340, sindilembapo. Amene muli ndi timakina totere munadutsamo kale.

Matenda ake anali awa. Ndikayendetsa makina m'mwamba rauta (mota yozunguza mpeni wosemera) ili yozima, ankamaliza fayilo yonse bwinobwino. Ndikayatsa rauta n'kuyamba kusema thabwa la mukwa, pasanathe mphindi khumi pulogalamu yotumiza G-code (malangizo a kasemedwe) inkangouma gwa. Doko la COM, lomwe laputopu imalankhulira ndi Arduino, lasowa. Mpeni waima pakati pa chilembo, ukungozungulira pamalo amodzi mpaka mtengo kuda, utsi kutuluka. Ndipo paja ukalumikizanso, Arduino imadzuka ngati yobadwa kumene, osakumbuka pomwe inali. Matabwa atatu anapita choncho. Limodzi linali chikwangwani cha saluni ya mlamu wanga ku Kapata, moti mpaka lero akandiona amayamba ndi, "Alamu, odwala aja adzuka bwanji?"

Ndinasintha kebulo ya USB kawiri. Ndinapukuta fumbi. Ndinaganiza kuti ndi kutentha kwa Okutobala, n'kuikira fani ma DRV8825, timabolodi toyendetsa mamota. Palibe chinasintha.

Anandipulumutsa ndi mng'ono wanga, mosadziwa. Anabwera foni itatha moto, anapeza ekisitenshoni yodzaza, ndiye anangozula chaja ya laputopu osandiuza. Makina anasema mphindi makumi anayi osapumira. Ine ndinadzidzimuka laputopu itayamba kudandaula za batire. Ndinabwezera chaja, n'kuyambiranso pa thabwa lowonongeka kale: mphindi zisanu ndi ziwiri, zii. Kuzula, zikuyenda. Kubwezera, zii. Ndinachita katatu, kenako ndinakhala pa ndowa ya penti n'kuyamba kujambula waya aliyense pa chikatoni, kumutsatira ndi chala komwe akupita.

Apa ndi pomwe m'mutu munatseguka. Zaka zonsezi graundi, mbali ya 0V ya magetsi, ndinkaiona ngati dzenje la zinyalala: magetsi osafunika umatayamo, basi atha. Ayi. Graundi ndi njira yobwerera kwawo. Magetsi aliwonse otuluka amayenera kubwerera komwe achokera, ndipo sasankha waya amene iwe unawakonzera, amadzera paliponse potseguka. Zili ngati madzi otsika m'mapiri ozungulira tauni yathuyi mu Januwale, safunsa kuti ngalandeyi anakumba ndani, akapeza khomo la nyumba yako lili m'munsi amalowa.

Kwa ine khomo lake linali kebulo ya USB. Chaja ya laputopu ndi ya mapini atatu, ndipo earth yake imakafika mpaka pa kachitsulo ka doko la USB. Mbali inayi, V- (negetivi) ya power supply ya 24V ya makina ndinali nditaimangirira ku fremu, fremuyo n'kupita ku earth ya pulagi ina. Ndiye tangoonani mkombero wake: soketi, chaja, laputopu, kebulo ya USB, Arduino, fremu, kubwerera ku soketi. Rauta ya matabwa ili ndi maburashi amene amathetheka nthawi yonse ikamazungulira, mumaziona mukasuzumira pa timabowo take usiku. Phokoso la kuthethekako linkazungulira mu mkombero uja. Popeza waya aliyense amakanako magetsi pang'ono, mbali ziwiri za kebulo sizinkakhalanso pa 0V yofanana. USB imalankhula pa mawaya awiri, D+ ndi D-, ndi mphamvu ya 3.3V yokha. Nthaka imene mbali ziwirizo zaimapo ikamagwedezeka, kumvana kumatha, kompyuta n'kuganiza kuti wazula.

Mnzanga wina wa kumawayilesi anati ndingothyola pini ya earth pa chaja. Ndinakana. Makina achitsulo, 230V, pansi pa simenti yonyowa, ana akulowa ndi kutuluka, amenewo si masewera.

Chomwe ndinachita ndi bawuti limodzi la M6 pa kambale kachitsulo m'bokosi la magetsi. Earth yochokera ku pulagi, waya wa fremu, waya wa bokosi, shield ya makebulo (chikuto chachitsulo chotchinga phokoso), onse akumane pamenepo, aliyense ndi njira yakeyake, osaberekana. Waya wa V- uja ndinauchotsa pa fremu. Inde, ndinasamutsiranso rauta ku soketi ina, ndinafupikitsa kebulo ya USB n'kuiveka ferrite (kamphete kochepetsa phokoso la magetsi), ndinalekanitsa mawaya a mota ndi a ma limit switch (maswichi oimitsa makina akafika kumapeto) omwe ndinali nditawamanga mtolo umodzi kuti pazioneka paukhondo. Koma mukandifunsa, wachiritsa ndi bawuti. Panopa munthu akandiuza kuti wailesi ya m'galimoto ikulira akaponda moto, kapena sipika za kutchalitchi zikung'ung'udza, ndisanamve n'komwe zambiri ndimati, muli ndi bawuti? Mwina ndikuwonjeza. Sindikuona choncho.

Chikundiwawa n'chakuti zimenezi zikanatha kunenedwa m'kalasi pa mphindi khumi. Tinaloweza V = IR mpaka kulota. Aphunzitsi ankajambula timizere titatu tija pansi pa chithunzi chilichonse, n'kunena kuti "apa ndi graundi," choko n'kupita kwina. Palibe tsiku anafunsapo kuti nanga akafika pamenepo amapita kuti. Mwina ifenso tinali aulesi kufunsa, silabasi inkathamanga ndipo tonse maso anali pa mayeso. Nthawinso ndiye ija: chichokereni chilala cha 2024 chomwe chinatsitsa madzi ku Kariba tinazolowera kugwira ntchito pomwe malaiti abwerera, kaya ndi pakati pa usiku. Ukapeza maola atatu umafuna useme chogulitsa, osati kukhala pa ndowa kujambula chikatoni.

Ma limit switch nawo ndinawasintha akhale otseka nthawi zonse, n'kuika $5=1 mu GRBL kuti iziwawerenga motero. Pull-up (rezisita yosunga waya wa swichi pa 5V) ya mkati mwa ATmega328P, chipu cha Arduino, ndi yofooka, pakati pa 20 ndi 50 kΩ, ndiye waya wautali wotseguka umasanduka eliyo yotola chilichonse. Masiku angapo panali bata. Koma Lachiwiri madzulo ALARM:1, chenjezo loti limit switch yagundidwa, inatulukira kamodzi, makina ali pakati pa thabwa, kutali ndi swichi iliyonse. Nthawi yomweyo aneba anali kuwotcherera geti kuseri kwa mpanda. Kaya ndi iwowo, kaya ndi swichi ya Y yomwe imagwedera rauta ikaluma kwambiri, kaya ndi shield yomwe ndinamangirira mbali imodzi yokha pomwe ena amati mbali zonse ziwiri. Ndinayesa kudikira kuti awotchererenso ndione, koma geti anamaliza tsiku lomwelo.