Mtsikana akachedwa kukula: osangoti watengera agogo ake

Mwana wamkazi akakhala wamfupi kuposa anzake onse m'kalasi, timathamangira kunena kuti anakwinimbira kaamba ka zakudya, kapena kuti watengera agogo ake. Akafika zaka 15 asanathe msinkhu, anamkungwi amati dikirani, ena amachedwa. Nthawi zambiri amanena zoona. Koma mwa ana aakazi pafupifupi 2,500 obadwa, mmodzi amakhala ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa Turner syndrome, ndipo kwa ameneyo kudikira kumamutayitsa zaka zofunika.

Munthu amakhala ndi makromosomu 46, tinthu tonyamula chibadwa chimene timatengera kwa makolo, ndipo mwa amenewa mkazi amakhala ndi awiri otchedwa X. Mtsikana wa Turner amakhala ndi X mmodzi wathunthu, winayo palibe kapena ndi woduka. Si ufiti, si kanthu kamene mayi anadya ali woyembekezera, komanso zaka za mayi sizikhudzapo. Dzinali linachokera kwa dokotala wa ku America, Henry Turner, amene analongosola vutoli mu 1938.

Khanda lina limabadwa lotupa pamwamba pa mapazi ndi manja, khosi lili ndi khungu lotambasuka m'mbali, tsitsi lotsikira kwambiri kunkhongo. Ena saonetsa chilichonse kupatula kufupika, n'chifukwa chake ku sikelo muziyezetsanso kutalika, osati kulemera kokha. Chotsimikizira ndi kuyeza magazi kotchedwa karyotype.

Zikatsimikizika, yambani ndi mtima, msinkhu ubwere pambuyo. Ena amabadwa ndi mtsempha waukulu wotuluka mumtima uli wopanikizika, kapena chotsekera chake chili ndi timapiko tiwiri m'malo mwa titatu. Pamafunika kuunika mtima ndi makina kotchedwa echo, ndipo BP iyezedwe m'mikono yonse iwiri ndi kumwendo. Ikakhala yokwera kumkono koma yotsika kumwendo, mtsemphawo ndi wokayikitsa. Impso nazo ziunikidwe, chithokomiro chiziyezedwa chaka ndi chaka, ndipo khutu likamatuluka mafinya musangopukuta, poti kumva kumatha pang'onopang'ono.

Popanda chithandizo, wamkulu amathera pa masentimita pafupifupi 143. Jakisoni wa growth hormone, wothandiza kutalika, amabayidwa tsiku lililonse pansi pa khungu, makamaka kuyambira zaka 4 mpaka 6, ndipo amasungidwa mufiriji. Ndi wodula zedi, tisanamizane. Amagwira ntchito pokhapokha nsonga za mafupa zisanatsekeke, ndiye wobwera naye mwana ali ndi zaka 17 akhoza kupeza khomo lotseka.

Estrogen, mankhwala othandiza mtsikana kutha msinkhu, ndi amene sayenera kuphonyedwa, ngakhale jakisoniyo atalephereka. Matumba a mazira a atsikana ambiri otere amafota msanga, choncho mawere samera ndipo msambo subwera. Mankhwalawa amayambidwa pa zaka 11 kapena 12, pang'onopang'ono, n'kumawonjezera kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Kenaka amaphatikiza mankhwala ena otchedwa progestin, chifukwa estrogen yekha amakhuthalitsa khungu lamkati mwa chiberekero mpaka kuyambitsa khansa. Ambiri amalakwitsa posiya kumwa akangoona kuti thupi lasintha. Mankhwalawa amafunika mpaka cha m'zaka 50, apo ayi mafupa amafewa n'kumathyoka.

Nzeru zimakhala zabwinobwino, kungoti masamu ndi kuwerenga mapu kumavutako. Ochepa amatenga pathupi paokha, koma aliyense wofuna mwana aunikitse kaye mtima, chifukwa mimba ingathe kung'amba mtsempha waukulu uja.