Kalendala ya a tcheya ndi chipewa cha Chilembwe

Lolemba m'mawa, ndisanayatse n'komwe kompyuta, a tcheya a bungwe lathu lothandizana pamaliro anali ataima kale pakhomo, envulopu ili kukhwapa. Ndimagwira ntchito pa kashopu kosindikiza ku Mayfair, kuno ku Joni, ndipo November kwa ife ndi mwezi wa makalendala. Aliyense wokwera basi ya kumudzi pa Khirisimasi amafuna kunyamula chokapachika pakhoma. A tcheya ankafuna makalendala 300 a 2026, pepala la A3, mwezi uliwonse chithunzi chake, zonse zokhudza kwathu.

"Za zithunzi musavutike, achimwene, ndatolera kale," anatero uku akunditumizira pa WhatsApp. Zinafika zonse 12. Zinayi zinali ndi dzina la kampani yogulitsa zithunzi litalembedwa chopingasa pakati penipeni, lija amaika dala kuti munthu asabe. Zinazo zinali tating'ono, mapikiselo 640 m'lifupi, pomwe kudzaza A3 pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, kumafuna mapikiselo 3508 ndi 4961. Kachithunzi kotero ukakakoka kamasweka timabokosi, nkhope ya munthu n'kukhala ngati khoma la njerwa. Ndinawafunsa kumene anazitenga.

"Pa Google. Si zaulere kodi?"

Funso limeneli ndimalimva sabata iliyonse, ndipo sindiwaseka ofunsawo. Ndinawauza kuti Google ali ngati mwana amene wakulozerani mbuzi ikudya m'mbali mwa msewu. Wakuonetsani pamene ili, koma mbuziyo ili ndi khola lake. Chaka chatha bwana wanga analandira kalata ya loya chifukwa cha chithunzi chimodzi chomwe kasitomala anabweretsa yekha, ife n'kuchiika pa timapepala totsatsa malonda. Zomwe analipira zinaposa zomwe ntchitoyo inabweretsa. Kuyambira pomwepo chithunzi sichilowa m'makina ndisanaone tsamba lomwe chachokera.

Ndinawapempha masiku asanu. Zomwe ndinkasaka ndi zija amati public domain, zithunzi zomwe aliyense angasindikize, kusintha, ngakhale kugulitsa osapempha munthu. Zina zimafika pamenepo chifukwa nthawi ya umwini yatha. Kuno ku South Africa, lamulo la 1978 limateteza chithunzi zaka 50 kuchokera kumapeto kwa chaka chomwe chinatulutsidwa. Ku America chilichonse chosindikizidwa 1930 isanafike n'chomasuka tsopano. Zina eni ake amazimasula okha poikapo chizindikiro cha CC0, chomwe a Creative Commons, bungwe lokonza zilolezo zogawana zinthu zotere, anayambitsa mu 2009. Ndiye palinso zojambulidwa ndi ogwira ntchito m'boma la America ali pantchito, zomwe zilibe umwini chiyambire.

Njira yachitatuyi ndiyo inandipatsa chikuto Lachiwiri m'mawa. NASA, bungwe la boma la America loona za m'mlengalenga, ili ndi zithunzi za nyanja ya Malawi zojambulidwa kuchokera kumwamba, nyanja yonse itagona chautali, Likoma ndi Chizumulu zikuoneka ngati timadontho. Chomwe samalola ndi kuika chizindikiro chawo kapena kuonetsa ngati akuvomereza malonda ako. Nditawatumizira a tcheya anayankha ndi mawu ojambula, akuseka, kuti nanga si ndiyo nyanja ya kalendala imeneyo, mamailosi 365 m'litali, 52 m'lifupi. Mawuwo tinawalemba pansi pa chithunzicho.

January sanafune kukambirana: pa 15 ndi tsiku la Chilembwe. Chomwe a tcheya anabweretsa chinali nkhope yokopedwa pa ndalama ya K2,000, ndipo ndinachikana, chifukwa ndalama ili ndi malamulo ake. Pa Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi ya pa intaneti, ndinapeza chija cha 1914, John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley pa tchalitchi cha ku Mbombwe, ku Chiradzulu, kutatsala pang'ono kuti kuukira kwa pa 23 January 1915 kuchitike. Ndinachikulitsa pa sikirini kuti ndichotse timadontho, n'kupezeka kuti ndangokhala duu, ndikuyang'ana chipewa. Masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu, koma apa Chilembwe wachivala, waima njo, suti itamukhala. Samson Kambalu anatengera chithunzi chomwechi popanga chosema chomwe chinaikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Timadontho ndinachotsa pang'ono chabe. Pali mapulogalamu omwe amati amakonza zithunzi zakale, koma amawonjezera zawo, munthu amatuluka ndi maso a wina. Nkhope ya Chilembwe sindingaiperekeko.

Lachitatu ndilo linali lovuta. Zithunzi za Mulanje, za minda ya tiyi ku Thyolo, za Ilala itakocheza, zilipo zambiri pa Commons, ndipo ambiri amaganiza kuti chilichonse cha pamenepo ndi public domain. Ayi ndithu. Zochuluka zili pa CC BY kapena CC BY-SA: utha kusindikiza ndi kugulitsa, koma ulembe dzina la wojambula, mtundu wa chilolezo, ndi kunena ngati wasintha kanthu. Chithunzi chokongola kuposa zonse cha Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 itatuluka pamwamba pa mitambo, ndinachipeza pa Flickr, koma chinali ndi zilembo ziwiri, NC, kutanthauza kuti osachitira malonda. Makalendala athu akugulitsidwa R50 imodzi, ndalama zikulowa m'thumba la maliro. Cholinga n'chabwino, koma kugulitsa ndi kugulitsa basi. Ndinamulembera wojambulayo kupempha, sanayankhe, ndiye ndinatenga china chochepera kukongola chomwe chilolezo chake chinali poyera.

Madzulo a tcheya anabwera kudzaona. Anaika magalasi, n'kuloza timalemba ta m'munsi.

"Nanga dzina la mzungu uyu likutani pa kalendala yathu? Ndi membala?"

"Si membala, bambo. Ndi amene anakwera phiri ndi kamera. Sakutilipiritsa kalikonse, wangopempha kuti timutchule."

Anakhala chete kanthawi, kenako anati ndilikulitseko pang'ono dzinalo, kuti munthu asamachite kutsinzinira poliwerenga.

Kenako anatulutsa foni: June ankafuna chithunzi cha Hector Pieterson, mwana wasukulu amene anawomberedwa ndi apolisi pa zionetsero za pa 16 June 1976, poti ana athu obadwira kuno amaphunzira za 16 June kusukulu. Apa mpamene anthu amasokera, amaona chakuda ndi choyera n'kuganiza kuti ndi chakale chopanda mwini. Anachijambula ndi Sam Nzima ku Soweto mu 1976, chinafalikira dziko lonse, koma iye anadikira mpaka 1998 kuti umwini wake ubwerere m'manja mwake. Anamwalira mu 2018. Mukawerenga zaka 50 zija, zinali zisanakwane, ndipo m'maiko a ku Ulaya amawerenga zaka 70 mwini atamwalira. Munthu amene anavutikira chithunzi chake zaka 22, ine sindingamulande kachiwiri pa makina anga. A tcheya sanatsutse. Pa June tinaika Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay wophunzira ku Livingstonia, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Ambiri mwa ife timagwira ntchito m'dziko lino osadziwa kuti wakwathu anatsogolerapo apantchito zikwizikwi kuno.

Lachinayi linapita ndi kukonza mitundu ndi kusindikiza zoyeserera. Ndinachotsanso chimodzi chomwe ndinatenga pa Unsplash, cha mayi atasenza ndowa. Malo ngati Unsplash ndi Pexels ali ndi zilolezo zawozawo ndipo amalola zambiri, koma tsamba limenelo pansi pake pali uthenga woitanira anthu kulowa bungwe la maliro. Chilolezo cha wojambula si chilolezo cha mayiyo, ndipo kalendalayi ikupita kumudzi komwe wina angamuzindikire.

Chomwe chinandikhala pamtima ndi cha April. Bambo awo a tcheya anabwera kuno pa Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za kumigodi, ndipo ankafuna tsamba lokumbukira anthu a kumigodi, makamaka Amalawi 74 omwe anafa ndege itagwa ku Francistown, ku Botswana, mu April 1974. Pa Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, ndinapeza zithunzi za migodi ya golide ya Johannesburg za zaka zoposa 100 zapitazo, zolembedwa kuti palibe choletsa chodziwika, ndipo amakupatsa fayilo yaikulu ya TIFF. M'chimodzi muli amuna ambiri ali pamzere pakomponi, wina wafunda bulangeti, wina wayang'ana kamera tsinya lili pamphumi. Pansi analemba malo ndi kampani yojambula. Mwa amuna onsewo palibe ngakhale mmodzi amene anatchulidwa dzina. A tcheya ankafuna tilembe kuti "Amalawi kumigodi". Ndinawapempha kuti tisawapatse dziko anthu omwe sanafunsidwe n'komwe dzina, tingolemba zomwe zili pa chithunzi, mawu okumbukira akhale paokha. Anavomera, koma anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda nkhope ndi nkhope.

Lachisanu makina analira tsiku lonse. Kuseri kwa kalendala iliyonse kuli mndandanda wa zithunzi 13, chikuto chomwe, komwe chilichonse chachokera ndi chilolezo chake, ndipo masamba onsewo ndawasunga mu foda ya kasitomala.

Loweruka ponyamula makatoni, a tcheya anati chaka chamawa mamembala azijambula okha akapita kumudzi. Ndinawauza zitatu zoti akanene pamsonkhano: foni aziigwira chogoneka, azitumiza ngati document kuti WhatsApp isachepetse chithunzi, ndipo aliyense amene wajambulidwa amufunse kaye, alembe dzina lake ndi mudzi. Analemba zonsezo kuseri kwa envulopu ija.