Kuthokoza amene anandithandiza kuti maimelo a seva yathu ayambenso kulandiridwa

Ndikufuna kuthokoza poyera anthu awiri, bambo ndi mayi, amene sindinawaonepo maso ndi maso, chifukwa chondithandiza pa vuto limene linandisowetsa tulo kwa milungu iwiri. Seva (kompyuta yosunga webusaiti) ya bungwe lathu laling'ono imatumiza malisiti kwa anthu opereka ndalama, koma makalatawo ankabwerera ndi uthenga wa nambala 550 5.7.26, wonena kuti wotumizayo sanatsimikizidwe. Kuyambira mu Febuluwale 2024, Gmail ndi Yahoo zinakhwimitsa malamulo olandirira maimelo, ndipo seva yathu inali isanakonzedwe mogwirizana ndi malamulowo.

Bambo, inu munaunika DNS, kaundula wa pa intaneti wosunga zokhudza domeni (dzina la webusaiti) yathu, n'kupeza mizere iwiri ya SPF (mndandanda wa maseva ololedwa kutumiza maimelo m'dzina lathu), pamene pamafunika umodzi wokha. Munandiuza kuti ndiiphatikize ndi kuikamo adiresi ya IP (nambala yozindikirira kompyuta pa intaneti) ya sevayo.

Mayi, inu munapirira nane mpaka pakati pa usiku pa nkhani ya DKIM (siginecha ya pakompyuta yotsimikizira kuti imelo yachokeradi kwa ife), imene inandizunguza mutu kwambiri. Kiyi yake (zilembo zotsimikizira siginechayo) ya mabiti 2048 imaposa zilembo 255 zimene chidutswa chimodzi cha TXT (mzere wa mawu mu DNS) chimalola, choncho munandisonyeza kagawidwe kake, ndipo munaona mpata umodzi umene ndinasiya pakati pa zilembo pokopera. Munandilangizanso kuyamba DMARC (lamulo louza olandira chochita ndi maimelo osatsimikizika) ndi p=none, kutanthauza kuti asawakane, kuti ndiyambe ndawerenga malipoti, uphungu umene ndaona kuti unali wanzeru.

M'mawa mwake ndinatsegula imelo yoyesera n'kuona mawu akuti pass (yapambana) katatu konse, pa SPF, DKIM ndi DMARC, ndipo malisiti 40 amene anaunjikana anafika kwa eni ake tsiku lomwelo. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni nonse awiri.