Mzere umene ndinajambula m'kope langa ndisanapite ku Thanjavur ndi ku Rameswaram

Semesita yathayi tinali ndi phunziro la mbiri ya kumwera kwa India, ndipo aphunzitsi athu anati aliyense asankhe kachisi mmodzi kapena awiri, akafikeko ndi mapazi ake, kenako alembe zimene wapeza. Ine ndikuphunzira ku Chennai, kwathu ndi ku Nsanje, ndipo ndinakulira m'tchalitchi. Za Chihindu ndinkangodziwa kuti ku Blantyre kuli kachisi wawo amene ndinkamudutsa ndili m'minibasi. Mwayi unandigwera pamene mnzanga wa m'kalasi anandiuza kuti akuperekeza agogo ake aakazi ku Rameswaram, kukachita mwambo wokumbukira amuna awo amene anatisiya chaka chatha. Anavomera kuti ndiwatsatire, ndipo agogowo analola kuti tidzere ku Thanjavur chifukwa cha ine.

Ndisananyamuke ndinatenga rula n'kujambula mzere pakati pa tsamba lililonse la kope langa. Kumanzere ndinalemba kuti "mbiri", kumanja "nthano". Maganizo anga anali akuti chilichonse chimene ndimve ndichipeta ngati mpunga, wabwino uku, mankhusu uko.

Ku Thanjavur mzerewu unagwira ntchito bwino lomwe. Kachisi wa Brihadisvara, amene eni dera amangomutcha Periya Kovil, kutanthauza kachisi wamkulu, anamangidwa ndi mfumu Rajaraja Chola I ndipo anatha cha m'ma 1010. Nsanja yake imapitirira mamita 60, yonse ya mwala wa granite, chonsecho dera la Thanjavur ndi dambo la mpunga la mtsinje wa Kaveri, lopanda mapiri a mwala wotere. Nsapato mumasiya pachipata. Ife tinafika dzuwa likuswa mtengo, moti ndinayenda pabwalopo modumphadumpha ngati khwangwala, agogo aja akungoyenda mwa tayale ngati aponda pamphasa.

Munthu wina woonetsa alendo anatiuza kuti chithunzithunzi cha nsanjayi sichigwa pansi. Ndinalemba kumanja, ndipo chakumadzulo ndinachiona ndi maso anga chitagona pabwalo. Anatiuzanso kuti chimwala cha pansonga, chimene amati n'cholemera matani 80, anachikweza ndi njovu pa chitunda chadothi chochokera ku mudzi wa Sarapallam, mtunda wa makilomita ngati 6. Apa ndinazengereza pang'ono, poti nzeru yomanga chitunda ndi yomveka, komabe ndinaika kumanja. Chifaniziro chachikulu cha Nandi, ng'ombe yamphongo ya mulungu wa Ahindu Shiva, chimene chimayang'ana pakhomo, ambiri amangoti n'cha Rajaraja, pamene chinabwera patapita zaka mazana angapo, m'nthawi ya mafumu a Nayak. Mafumu omwewo anapaka zithunzi zawo pamwamba pa zithunzi zakale za Achola, mafumu a mtundu wa Rajaraja, ndipo zakalezo zinatulukiridwa mu 1931 ndi S. K. Govindaswami.

Koma chimene chinandigwira mtima si kutalika kwa nsanja ayi. Ndi zolemba zimene zazungulira tsinde la kachisi, mizere ndi mizere ya zilembo za Chitamil chakale zogobedwa pamwala. Poyamba ndinkayesa ndi mapemphero. Ayi ndithu, ndi kaundula. Mfumu inalamula kuti zimene inapereka iyo, zimene anapereka mlongo wake wamkulu Kundavai, zimene anapereka akazi ake ndi ena onse zilembedwe pamwala. Choncho muli kulemera kwa ziwiya zagolide, midzi imene inkapereka mpunga kuphatikizapo ina ya ku Sri Lanka, komanso mayina a antchito. Muli akazi ovina 400, aliyense dzina lake, kachisi kapena mudzi umene anachokera, nyumba imene anapatsidwa ndi gawo lake la mpunga. Muli oimba ng'oma, alembi, alonda, osoka, ometa, ochapa. Ndiye pali nkhani ya nyale, imene ndinaikonda kuposa zonse. Kuti nyale imodzi isazime, mbusa ankapatsidwa nkhosa zazikazi 96, kapena ng'ombe 48, kapena njati zoweta 16, iye n'kumapereka tsiku lililonse mlingo wa mafuta a mkaka otchedwa ghee. Ziwetozo zikamaswana, nyale imayakabe ngakhale woperekayo atapita kalekale. Aliyense amene anasungako ng'ombe ya mwini n'kumadya mkaka wake amvetsa msanga nzeru imeneyi.

Ndinachoka ku Thanjavur ndili ndi matama. Mbali ya kumanzere inali yodzaza, ndipo inali yokoma kuposa ya kumanja. Dzina la mkazi wovina amene anakhalako zaka 1,000 zapitazo likuposa kutali bodza la chithunzithunzi.

Rameswaram ndi chilumba, ndipo sitima imadutsa pamlatho wa Pamban, nyanja uku ndi uku. Mlatho woyamba unatsegulidwa mu 1914, watsopano mu 2025. Kwa Ahindu malowa ndi amodzi mwa malo anayi aakulu otchedwa Char Dham, pamodzi ndi Badrinath, Puri ndi Dwarka, komanso muli imodzi mwa jyotirlinga 12, zizindikiro zopatulika kwambiri za Shiva. Nkhani yake ndi iyi. Rama, mfumu imene Ahindu amaipembedza ngati mulungu, atapha Ravana, mfumu ya ku Lanka, n'kupulumutsa mkazi wake Sita, anali ndi mlandu wa mwazi, poti Ravana anali wa mtundu wa ansembe. Kuti adziyeretse anayenera kupembedza Shiva. Anatuma Hanuman, mtumiki wake wa mtundu wa anyani, kuti akatenge lingam, mwala woimira Shiva, ku phiri la Kailash. Hanuman anachedwa, nthawi yoyenera inali kutha, ndiye Sita anaumba lingam ndi mchenga wa pagombe. Hanuman pofika ndi mwala wake anakhumudwa, ndipo pomutonthoza Rama analamula kuti mwala wa Hanuman ndiwo uziyamba kupembedzedwa. Mpaka lero ansembe amatero.

Zonsezi ndinaziponya kumanja mosaganiza kawiri.

M'bandakucha tinapita kugombe lotchedwa Agni Theertham. Agogo analowa m'nyanja ndi sari yawo, kenako anakhala pamchenga ndi wansembe, mnzanga akubwereza mawu amene ankauzidwa, akupereka timipira ta mpunga ndi nthangala za chitowe m'dzina la malemu ndi makolo awo. Atatero analowa m'kachisi kukasamba pa zitsime 22. Pachitsime chilichonse pamakhala munthu wa ndowa ndi chingwe, amatunga n'kukuthira pamutu, iwe n'kuthamangira china. Ine ntchito yanga inali yosunga zikwama ndi mafoni. M'kati mwenimweni mmene muli lingam anthu osakhala Ahindu salowamo, ndipo sindinadandaule; kwathunso ku Khulubvi mlendo sangofika n'kulowa m'kachisi wa Mbona ngati akulowa m'golosale.

Atatuluka, madzi ali chuchuchu, ndinapempha mnzanga kuti andimasulire funso. Ndinati, "Paati, kodi inuyo mumakhulupiriradi kuti Sita anaumba mwala uja ndi mchenga?" Paati ndiye kuti agogo. Mnzangayo anandiyang'ana ngati ndamuponda chala, koma anamasulira. Agogo anandiyang'ana, n'kutembenukira kwa mdzukulu wawo: "Mufunse mnzakoyu ngati wadya." Basi. Tinapita kukadya idli, timikate ta mpunga tophika ndi nthunzi.

Manyazi anandigwira pambuyo pake. Ndinadzifunsa ngati ndikanalimba mtima kufunsa agogo anga, tsiku lokumbukira maliro, ngati mutu wa Mbona unaikidwadi ku Khulubvi. Akatswiri a mbiri amalumikiza nkhani ya Mbona ndi nthawi ya mafumu a Lundu, ndipo kafukufuku wotere ndi wofunika, koma funsolo lili ndi malo ake ndi tsiku lake.

Chimene chinasokoneza mzere wanga, komabe, si manyaziwo. Ndi khonde. Kachisi wa Ramanathaswamy ali ndi makonde aatali modabwitsa, ndipo lakunja lili ndi zipilala zoposa 1,200, moti ukaima kumapeto kuno, anthu a kumapeto enawo amaoneka ngati nyerere. Ndinafunsa kuti anamanga ndani. Mafumu a ku Ramanathapuram, amene anamaliza khondeli m'zaka za m'ma 1700. Ndinalemba kumanzere. Dzina la ufumu wawo? Sethupathi. Litanthauza chiyani? Mwini kapena woyang'anira Setu, mlatho umene asilikali a anyani anamangira Rama kuti awolokere ku Lanka. Cholembera chinaima m'malere. Mafumuwa ndi enieni, ali ndi zaka zawo ndi zolemba zawo zapamkuwa, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 udindo wawo unali kuteteza apaulendo opita kuchilumbachi. Koma dzina lawo, ulemu wawo ndi chifukwa chomangira khonde la zipilala zonsezo zikuchokera ku nkhani imene ndinali nditaiponya kumbali ya mankhusu. Pakanapanda nkhani ya Rama, ndani akanawoloka nyanja kudzasamba pachilumba chamchenga? Opanda apaulendowo, chuma cha khondeli chikanachokera kuti? Ngakhale A. P. J. Abdul Kalam, Msilamu wobadwira ku Rameswaram mu 1931 amene anadzakhala pulezidenti wa India, bambo ake anali ndi bwato lowolotsa Ahindu opita ku Dhanushkodi. Banja la Chisilamu linkadya chifukwa cha nkhani ya Rama. Mfundo imeneyi ndikanailemba mbali iti?

Ku Dhanushkodi tinapitako masana. Dzinali litanthauza nsonga ya uta, uta wa Rama. Kuchokera pamenepo mzere wa zitunda zamchenga ndi miyala yosaya umalowera ku Mannar ku Sri Lanka. Akatswiri a miyala amati unapangika mwachilengedwe, ndipo ine ndili kumbali yawo. Tauniyo inawonongedwa ndi namondwe mu Disembala 1964, amene anakokololanso sitima ndi anthu oposa 100. Patsala makoma a tchalitchi ndi a siteshoni, mchenga utadzaza m'kati. Ife a ku Chigwa cha Shire malo otere sitifunika kuwafotokozeredwa. Ndinakhala chete nthawi yaitali.

Lipoti langa ndinalilemba kawiri. Loyamba linali la zigawo ziwiri monga kope lija, ndipo ndinaling'amba. Lachiwiri linafunsa funso limodzi pa nkhani iliyonse: kodi nkhaniyi inachititsa anthu kuchita chiyani, liti, ndi ndalama za yani? Nkhani ya chithunzithunzi cha ku Thanjavur inalephera mayeso amenewa, poti palibe chimene inamanga kupatula malipiro a woonetsa alendo. Ya Sita ndi mchenga inatenga masamba asanu ndi limodzi. Aphunzitsi anandidula mamalikisi chifukwa ndinadalira zomasulira za Chingerezi za zolemba zapamwala, ndipo ananena zoona. Semesita ikubwerayi ndalembetsa kalasi ya Chitamil.

Pobwerera m'sitima, agogo anali atafungatira kachitini ka mchenga wa ku Rameswaram. Mwambo wake ndi woti mchengawo ukathiridwe mu mtsinje wa Ganga ku Prayagraj, munthu akafike ku Kashi, ndiye kuti ku mzinda wa Varanasi, atunge madzi a mtsinjewo n'kubwera nawo kudzathira pa lingam ya ku Rameswaram, ndiye kuti ulendo watha. Mnzanga akuti adzapita nawo tchuthi chikubwerachi miyendo ya agogo ikalola, ndipo agogowo afunsa kale ngati mnyamata wosunga zikwama uja adzakhalepo.