Zikomo anthu a ku Guangzhou

Ndangofika kumene kuchokera ku Guangzhou koma ndisanagone ndithokoze kaye anthu awiri omwe ngakhale mayina awo sindiwadziwa. Mayi inu a pa metro ya ku Baiyun Airport, munandiona ndikungozungulirazungulira pamakina a matikiti ngati nkhuku ya chitopa, mpaka munandigulira tikiti ndi foni yanu, ndalama yanga nkukana kulandira, Mulungu akudalitseni mayi. Paja WhatsApp ndi Google kumeneko sizigwira, ndinali ngati wakhungu ndithu.

Ndiye achimwene a ku Mali aja ku Xiaobei, eee inu munandiombola, kundipezera kachipinda kotchipa ndi kundilozera kodyera mpunga wa nkhuku osandidula khosi. Kandalama kanali kochita kuwerenga, timaulendo ta 2 yuan pa metro ndi tomwe tinandiyendetsa sabata yonse. Zikomo kwambiri abale inu.