Ndinatsala pang'ono kugula wailesi, kumbe vuto linali magetsi

Abale inu lero ndiye ndapuma. Miyezi itatu yathunthu ndakhala ndikuwerengetsera ndalama yogulira wailesi yatsopano, remote ija yoyendetsera kandege uli pansi, ya ka jeti kanga kachidole ka EDF kaja (kouluka ndi fan yamagetsi ya mkati mwake), chifukwa Loweruka lina kali m'mwamba kanangosiya kundimvera, ine kukankha ndodo ya pa wailesi kuti kakhote iko phee kumangopita kutsogolo, mwina masekondi awiri, kenako n'kubwerera m'manja ngati palibe chachitika. Ndinakateretsa miyendo ili njenjenje, mumtima nkuti basi wailesi iyi yatha ntchito.

Ku kalabu komwe timawulutsira kuno ku Joni aliyense anali ndi yankho lake, wina gula Futaba, wina ayi Spektrum, anyamata a ma drone akuti ExpressLRS basi. Mdala wina anandikhazika ola lathunthu kundisimbira za nthawi ya 35 MHz, ma crystal, kudikirana kapegi ka frequency usanayatse wailesi kuopa kugwetsa ndege ya mnzako. Nkhani yokoma ndithu koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa kuti kodi risiva yako, kachipangizo ka m'ndege kolandira malamulo a wailesi, imadya magetsi ochokera kuti. Izi zimandinyansa, anthu odziwa zinthu koma akungokutchulira dzina la kampani, iwe nthawi yako ndi Loweruka lokha, sabata yonse uli pa ntchito.

Chomwe ndamvetsa tsopano ndi brownout. Risiva ya 2.4 GHz ndi kakompyuta, magetsi akatsika kwambiri, zambiri mwa izo cha m'ma 3.5V, kamazima n'kuyambiranso, ndipo kakamayambiranso kayenera kaye kusaka wailesi yako kuti kalumikizane nayo. Nthawi imeneyoyo ndege ilibe woyendetsa. Ndiye tawerengani, ndege yothamanga 150 km pa ola imadya mamita pafupifupi 42 pa sekondi imodzi, masekondi awiri yadutsa kale mamita 80. Wailesi ili m'manja mwakomu ikutumiza bwinobwino, koma womvera uja wakomoka. Kugula wailesi yodula pamenepa kuli ngati kukuwira munthu amene wagona ndi njala.

Ine risiva, ma servo onse (timamota tosuntha zowongolera ndege), ma flap a pa mapiko ndi mawilo opinda aja zonse zimadya pa ka BEC, kachipangizo kotsitsa magetsi a batire, ka mu ESC yoyendetsa liwiro la mota. Ndinalumikiza ka voltmeter pa channel yopanda ntchito ya pa risiva, ndege ili pa tebulo, n'kuyamba kupukusa ndodo zonse nthawi imodzi uku ndikupinda mawilo. Nambala inali pa 5V, mwendo wakutsogolo utangokakamira pa kachitseko kake nambala ija gwaa pansi, kagetsi ka pa risiva n'kuphethira. Ndinaseka ndekha m'nyumba ngati wamisala. Ndabwereza kanayi, kawiri zinachitika chimodzimodzi.

Kunena zoona panopa ndikuona ngati kayesedwe aka kakuposa china chilichonse, range check imene tonse timaikhulupirira ija, yoyesa ngati ndege ikumva wailesi uli patali, siingakuuze zimenezi chifukwa umaichita ma servo asakulimbana ndi kanthu. Aliyense wodandaula za wailesi ndizingomuuza kuti pukusa ndodo kaye pa tebulo. Mwina ndikuwonjeza, koma zandipulumutsira ndalama ya lendi.

Tinyanga ta risiva ndinatikonzanso pang'ono, tija ta 31 mm, tinali titagona moyandikana kuseri kwa batire, ndatisiyanitsa kuti tipange ngodya ya madigiri 90 kutali ndi batire ya LiPo ndi zigawo za carbon poti zimenezi zimatchinga 2.4 GHz. Ndaika BEC yapayokha, mwendo uja ndaupala.

Koma chilakolako cha wailesi yatsopano sichinathe ayi. Telemetry, ija ndege imatumiza manambala ake ku wailesi yako, ikanandiuza za magetsiwa ndege ili m'mwamba, ndipo tsiku lina ndikadzafika pa turbine, injini ya jeti yeniyeni yoyendera palafini, sindingayerekeze opanda ma risiva awiri, mabatire awiri ndi failsafe yozimitsa injini yokha ndege ikasiya kumva wailesi. Komanso pa tebulo palibe mphepo yokankha ma flap, ndiye mwina m'mwamba zimaipa kuposa apa. Ndipo Loweruka lija mawilo ndinali nditapinda kale kapena ayi? Ndayesa kukumbukira koma sizikubwera, mwina tsikulo chinali chinthu china ndithu, ndiona Loweruka likubwerali ngati mphepo ilola.